Phazi la Nkhuku Pangodya ya Chithunzi

Joni, 12 Malichi 2023

Ababa,

Ndiyambe ndi moni. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu, amayi ndi Loveness, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutani. Ine kuno ndili bwino. Chimfine chimene ndinafika nacho chinatha.

Ndalemba papepala monga munafunira, poti mumati pafoni ndimamveka ngati ndikulankhulira m'chitini, pamene kalata mumatha kuibwereza. A Stefano, adalaivala a thiraki aja, amadzera ku Chipata mwezi ndi mwezi. Akawoloka pa boda azisiya makalata pagolosale ya pa Guilleme, Loveness azikatenga pamenepo.

Achimwene a Gerald anandichingamira pa basi ndipo anandipezera kachipinda pafupi ndi yunivesite. Mukawathokoze bambo awo, a Jobson, mukakumana kutchalitchi. Sindinaiwale tsiku lija munandipereka m'manja mwa mwana wawo pansi pa mtengo wa mango, n'kunena kuti, “Gerald, uyu ndi mlongo wako. Kumeneko pakamwa pake ndiwe.”

Mwafunsa za ntchito, poti ku Dambe akuti ndinabwera kudzakonza mawailesi. Ndiyese kufotokoza. Mukudziwa kamtima kakuda ka pensulo kaja. Mwala wake dzina lake ndi galafaiti, ndipo ndi wosanjikizana ngati masamba a buku la nyimbo. Ine ndimatenga kachibenthu, kukaika pa selotepi, kumata, kumatula, kumata, kumatula, mpaka patsale katsamba kamodzi kokha. Kuposa pamenepo chinthu sichingapyapyalenso, pakuti kukhuthala kwake ndi atomu imodzi. Katsamba kameneko ndi galafini. Ndi maso sikaoneka. Ndimaswera pa maikulosikopu kukasaka, monga amayi asankhira timiyala m'nyemba, nditavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi kuti fumbi langa lisagwerepo.

Ndikapeza timasamba tiwiri tabwino ndimatisanjikiza, kapamwamba nditakapotoza pang'ono zedi. Tayalani neti ya udzudzu pamwamba pa inzake mokhotetsa pang'ono, muona maluwa amene pa neti imodzi panalibe. Ndi zomwezo. Kenako ndimalumikiza timawaya tagolide, n'kulowetsa kachipangizoko m'firiji yozizira kuposa malo alionse amene mungaganize. Tikufuna kuona mmene maelekitironi, tinthu tonyamula magetsi, timayendera mmenemo. Kukatentha timagundana ngati anthu pamsika wa Kamwendo. Koma kukazizira kwambiri, pa maluwa aja, timagwirana n'kuyenda pamodzi popanda chotchinga. Anthu a maiko ena anaziona kale. Pa yunivesite ino palibe amene anakwanitsa.

A Pulofesa, mayi amene amatiyang'anira, ali ndi malo amodzi okha a digiri ya udokotala chaka chamawa. Achimwene akuti iwo akupita ku Ulaya, choncho malowo ndi anga, bola kachipangizo kanga kagwire ntchito ndipo dzina langa lituluke pa pepala la kafukufuku. Ndinabwerera zimenezo, Ababa. Koma nthawi zina ndimaopa kuti digiri yanga ya ku Zomba ndi yopepuka kuno.

Lachisanu lililonse timakumana ndi a Pulofesa. Ine sindilankhula. Achimwene anati, “Zeli, Chingerezi cha kuno chimathamanga ngati minibasi yothawa apolisi. Uzindiuza ine, ine ndizinena.” Ndinaona kuti n'zoyenera. Kwathu, kaya ndi pamlandu kaya ndi paukwati, munthu sadzilankhulira nkhoswe yake ili pomwepo.

Ndatumiza bulangete la amayi ndi mankhwala opaka bondo. Mtedza wa munda wakumtunda musafulumire kukumba, chaka chatha unatuluka wanthete.

Ine mwana wanu,
Zelifa


Joni, 28 Meyi 2023

Ababa,

Moni nonse kumeneko. Kalata yanu ndinalandira, ndipo ndinaiwerenga katatu. Ndakondwa kuti mtedza wa Chalimbana wabereka bwino. Mavenda a masikelo okhota aja akayamba kuzungulira, inu dikirani, mtedza suola. Ine ndili bwino, kungoti chisanu cha kuno chimaluma zala. Tomato ndi wodula moti ndimamudula pakati kuti andikwanire masiku awiri.

Zipangizo zanga khumi ndi zinayi zafa. Zina zinang'ambika posanjikiza. Zina timawaya tinapsa ndi kamphezi kochokera m'chala changa chomwe. Chimodzi chinafa magetsi atazima, jenereta n'kuchedwa kudzuka. Inde, ngakhale ku Joni magetsi amazima, muwauze anthu asamanyoze kwathu kokha. Chipangizo chimodzi chimanditengera masiku asanu, ndipo chikafa ndimakhala pansi n'kumayang'ana manja angawa, kudzifunsa ngati ali a ntchito imeneyi.

Achimwene salowa m'chipinda choyera chija. Akuti chovala chake chimawatenthetsa, komanso manja awo amanjenjemera akamwa khofi. “Iwe ndiwe wa khasu, ine wa cholembera,” amatero akuseka. Buku lantchito amalemba ndi iwo. Ine ndimatuluka n'kunena zimene ndachita m'Chichewa, iwo amalemba m'Chingerezi chabwino. Zimandipeputsira ntchito. Kungoti Lachisanu lapitali ndinamva akufotokozera a Pulofesa mmene chipangizo nambala 12 chinawavutira posanjikiza, ngati kuti analipo. Mwina sindinamve bwino. Amalankhula mothamanga.

Ndikuuzeni chinthu choti museke nacho. Mukukumbukira chaka chija pa Kamwendo, venda uja atasakaniza matumba athu ndi ake n'kumalumbira kuti onse ndi ake? Inu simunakangane naye. Munangogubuduza thumba limodzi n'kuloza pangodya yapansi, pamene panali phazi la nkhuku ndi kadontho pamwamba, la penti wobiriwira. Anthu anaseka, venda anasowa poyang'ana. Pobwerera pa ngolo munandiuza kuti chilichonse chotuluka m'manja mwanga ndizichiika chizindikiro pamalo pamene wakuba sangayang'ane. Ndinali mu Sitandade 5.

Makina ojambulira timawaya tagolide amajambula chilichonse chimene ndawauza. Ndiye pa chipangizo chilichonse, pangodya yapansi, ndimaikapo phazi lanu la nkhuku ndi kadontho kake. Ndi lagolide, ndipo ndi laling'ono moti mapazi khumi otere angakwane m'kukhuthala kwa tsitsi limodzi. Palibe amene akudziwa. Sikuti ndikuopa wakuba kuno. Ndimangofuna kuti nanunso mukhalepo.

Loveness asajombe kusukulu chifukwa choswa mtedza. Ndatumiza nsapato zake, zikakhala zazikulu aike nsanza kuzala.

Mwana wanu,
Zelifa


Joni, 6 Ogasiti 2023

Ababa,

Ndikhulupirira muli moyo. Chifuwa cha amayi chikapitirira apite kuchipatala, asamangomwa mandimu. Ine ndili bwino.

Nambala 23 yagwira ntchito!

Linali Lachitatu masana. Firiji itafika pansi penipeni pa kuzizira, ndinkayang'ana mzere wa pa kompyuta umene umasonyeza mmene magetsi akuvutikira kudutsa. Unkatsika pang'onopang'ono monga umachitira masiku onse. Kenako unangogwa mpaka pa ziro, n'kugona pomwepo. Ndinaganiza kuti mawaya akhudzana, kuti ndalakwitsanso. Ndinafufuza katatu. Ndinayatsa maginito, mzere unadzuka. Ndinazimitsa, unagonanso. Tinthu tija tinali titagwirana, Ababa, m'kachipangizo kopangidwa ndi manja a mwana wa ku Dambe. Ndinalira, misozi n'kulowa m'kansalu kotseka pakamwa.

Achimwene anathamanga kukaitana a Pulofesa. Mayi aja anabwera opanda nsapato imodzi. Anayang'ana mzere uja nthawi yaitali, kenako anawakumbatira achimwene n'kunena kuti, “Gerald, manja ako ndi agolide!” Achimwene anati, “Tayesetsa, Mayi.” Ine ndinali kuseri kwa firiji, magolovesi ali m'manja. Potuluka a Pulofesa anandigwira paphewa nati, “Nawenso zikomo pomuthandiza.”

Ndinadikira kuti achimwene akonze mawuwo. Sanakonze. Titatsala awiri ndinafunsa motsitsa mawu kuti, “Achimwene, bwanji simunawauze?”

Anaseka. “Iwe Zeli, anthu ali pakati povina, ukufuna tiimitse ng'oma kuti tifunse anatola nkhuni ndani? Zonse zikonzeka polemba. Ine ndingakudyere iwe, mwana wa a Kalinde? Ndikakayang'ana bwanji kumudzi?”

Anandigulira tchipisi ndi nkhuku. Ndinadya. Mwina ndine wamtima woipa. Munthu wanditenga kumudzi, wandipezera ntchito, ine n'kumamuwerengera mawu. Musawauze a Jobson zimenezi, palibe nkhani.

Tsopano tikuyeza nambala 23 tsiku ndi tsiku, achimwene akuwerengera masamu ake, ndipo pepala lilembedwa miyezi ikubwerayi. Mundipempherere.

Mbewu ya mtedza musunge matumba awiri osaswa, muwapachike pamwamba chifukwa cha makoswe. Denga la khitchini mufolere mphepo ya Okutobala isanayambe.

Ine wanu,
Zelifa


Joni, 19 Novembala 2023

Ababa,

Moni. Ndamva kuti mvula yoyamba yagwa kumeneko. Ine m'thupi ndili bwino.

Ndakhala chete miyezi itatu chifukwa ndinkafuna ndilembe nkhani yabwino. Pepala latuluka. Pamwamba pali mayina awiri, la achimwene a Gerald ndi la a Pulofesa. Langa ndinalisaka monga ndisakira galafini, ndipo ndinalipeza kumapeto kwenikweni, mu tizilembo ting'onoting'ono: “Tikuthokoza Z. Kalinde posamalira ukhondo wa m'chipinda.” Ndine wosesa, Ababa.

Ndinawapeza achimwene pakantini akudya. Sindinakhale pansi.

“Achimwene, dzina langa lili kuti?”

“Khala pansi, anthu akutiyang'ana.”

“Munati zikonzeka polemba.”

“Zeli, tamvera. Za ku Ulaya zija zalephereka. Malo ali amodzi. Ine zaka zapita, ndili ndi mkazi ndi mwana. Iwe ukadali mwana, chaka china malo adzapezeka. Komanso tinene zoona, masamu anawerengera ndani? Analemba ndani? Kumata selotepi ngakhale wa pagolosale amamata.”

Ndiye anawonjeza, akupukuta m'manja, kuti ndikumbukire kuti chitupa changa chokhalira kuno chinatheka chifukwa cha kalata yawo.

Ndakhala ndikuganiza kuti mwina akunena zoona. Masamu anawerengeradi iwo, ndipo ena mwa masamuwo ine amandizunguza. Mwina manja okha si kanthu. Koma ndikakumbukira zipangizo makumi awiri ndi ziwiri zimene zinafera m'manja mwanga, ndi kuti pa chilichonse ndinkaphunzira kanthu kamene palibe buku linandiuza, kupotoza bwanji, kutenthetsa bwanji, kudikira mpaka liti, ndimaona kuti amenewonso ndi maganizo. Kungoti sanalembedwe ndi dzanja langa.

Achimwene apempha kale malo aja. A Pulofesa adzasankha kumapeto kwa Febuluwale.

Ababa, munandipereka kwa iwo ndinu, pamaso pa bambo awo. Nkhoswe ikalakwa amakonza ndi amene anaituma. Chonde pitani kwa a Jobson, mukalankhule monga akuluakulu, kuti mwana wawo akanene yekha zoona kwa a Pulofesa. Sindikufuna kuti achotsedwe. Ndikungofuna dzina langa pamene liyenera kukhala.

Feteleza ndatumiza kudzera kwa a Stefano. Mubzale chimanga kudambo poyamba.

Zelifa


Joni, 14 Januwale 2024

Ababa,

Moni wa chaka chatsopano kwa inu, amayi ndi Loveness. Ndili bwino.

Yankho lanu linafika. Mwalemba kuti achimwene anakuimbirani foni, akuti ntchito yandikulira, mutu watopa, ndayamba kuona adani paliponse. Mwati a Jobson ndi mkulu wa mpingo, ndi amene anakuimirani pa mlandu wa malire a dimba, ndipo simungakagogode pakhomo pawo ndi nkhani ya mayina a papepala. Mwati ndikapepese. Ndadabwa kuti pafoni mawu a Gerald munawamva bwino, pamene anga mumati ndi a m'chitini.

Sindinapepese. Mundikhululukire.

Tsiku lina ndinatsegulanso pepala lija, kuyang'ana chithunzi cha nambala 23 chimene anaika patsamba loyamba. Ndinachikulitsa. Pangodya yapansi, kumanja, pali phazi la nkhuku ndi kadontho kake. Achimwene anaika okha chithunzicho osaliona. Munanena zoona pa ngolo paja.

Lachisanu ndinagogoda pa ofesi ya a Pulofesa ndekha. Miyezi khumi ndili pano, kanali koyamba kuti amve mawu anga opitirira moni. Chingerezi changa chinatuluka chopunduka, koma chinatuluka. Ndinawaonetsa chizindikiro. Anavula magalasi, n'kuitanitsa achimwene.

Achimwene sanaphethire n'komwe. Anati ndi kachizindikiro kolozera makina poyambira, anakajambula okha, ine ndinkangokaona akamagwira ntchito. Anabweretsa buku lantchito. Tsamba lililonse ndi dzanja lawo, kuyambira nambala 1 mpaka 23. Potuluka anandiuza m'Chichewa, akumwetulira kuti mayi aja asadziwe, “Wandivula pagulu, mchemwali. Ku Dambe ukalowera khomo liti?”

A Pulofesa anandiitana padera. Anati, “Zelifa, sindikuti ukunama. Koma chaka chonse unali chete pamene iye ankalankhula. Bwanji?” Ndinayesa kufotokoza za unkhoswe, sanamvetse. Anati ndikawaonetsa kuti chizindikirocho ndi chakwathu, kuti chinalipo ndisanabwere kuno, adzayamba nkhaniyi pachiyambi. Koma zifike Febuluwale asanathe.

Ndiye ndikupempha kanthu kamodzi kokha, Ababa. Simukuyenera kupita kwa a Jobson, simukuyenera kulankhula ndi munthu. Tengani thumba limodzi lakale, la penti wofwifwa, mudule ngodya ya chizindikiro, mupatse a Stefano. Adutsa pa boda sabata yoyamba ya Febuluwale. Loveness akanatha kujambula pafoni, koma matumba mumatsekera m'chipinda chanu, ndipo sangalowemo popanda mawu anu.

Mbozi zikayamba m'chimanga musachedwe kuthira mankhwala.

Mwana wanu,
Zelifa


Joni, 10 Malichi 2024

Ababa,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino.

A Stefano anafika pa 9 Febuluwale. Ndinawadikira pamalo oimika mathiraki kuyambira m'mawa. Anandipatsa kathumba ka ufa wa mtedza kochokera kwa amayi. Ndinafunsa ngati pali china. Anati, “Madala anangoti ndikupatseni moni.”

Febuluwale watha. Malo apatsidwa kwa Gerald, mapepala asainidwa.

Loveness anandiuza pafoni zimene zinachitika pa Khirisimasi. Musamukalipire, ndinamukakamiza ndine. Akuti Misa itatha a Jobson anatulutsa tsamba loyamba la pepala lija, losindikiza lalikulu, n'kumaonetsa anthu panja pa tchalitchi. Linayenda dzanja ndi dzanja mpaka linafika kwa inu. Akuti munaliyang'ana nthawi yaitali, munaliyandikiza kumaso, n'kuika chala pangodya yapansi. Kenako munalibweza n'kunena kuti, “Mwana wanu wagwira ntchito, a Jobson.”

Ndiye kuti munaliona, Ababa. Munaliona musanandilembere kuti ndikapepese.

Za Gerald ndikutha kuzimvetsa, anali ndi njala ya malo. Koma munthu amene anagubuduza thumba pa Kamwendo anthu onse akuona, ameneyo ndikumusowa. Kapena n'chifukwa chakuti lija linali thumba la mtedza, pamene uyu ndi mwana wamkazi chabe?

Ndalemba mawu amenewo ndipo ndafuna kuwafufuta. Ndawasiya.

Mankhwala a bondo ali m'katoni.

Zelifa


Joni, 21 Epulo 2024

Amayi,

Loveness, uwawerengere amayi pang'onopang'ono, osadumpha mawu.

Amayi, moni. Chifuwa chija chili bwanji? Ine ndili bwino, ndipo lero ndikunena zoona.

Phukusi lanu linafika. A Stefano anati munawadikira nokha pamsewu wa ku boda, dzuwa lili pamutu, mutayenda wapansi kuchokera ku Dambe, ndipo munawauza kuti, “Ichi mupereke m'manja mwa mwana wanga, mukachitaya musadzadutsenso pano.” Ankaseka pondiuza, akuti sanaopsezedwepo chotero ngakhale ndi a kasitomu a pa boda. Nditamasula kansalu kaja ndinapeza ngodya ya thumba, yodulidwa mokhota ndi mpeni wanu wosendera mbatata, m'mphepete mutasoka ndi ulusi wakuda kuti isasosoke. Phazi la nkhuku lili pakati, penti wake wofwifwa. Ikununkha utsi wa kwathu. Loveness akuti munalowa m'chipinda ababa ali kudimba, ndipo atabwera munawauza nokha. Zimene anayankha sanandiuze, inenso sindinafunse.

Ndinapita nayo kwa a Pulofesa ngakhale nthawi inali itatha. Ndinaiyala patebulo pawo pafupi ndi chithunzi. Anayang'ana uku, anayang'ana uku. Anafunsa kuti, “Anasoka ndani?” Ndinati mayi anga, a Anasi. Kenako anaitana Gerald, natipatsa aliyense selotepi ndi kachibenthu ka galafaiti. Anati, “Pofika Lachisanu aliyense andisanjikizire timasamba tiwiri. Ndikhala ndikuonerera.”

Ine ndinamaliza Lachitatu. Gerald anavala chovala choyera chija chakumbuyo, mpaka mayi wosesa weniweni anachita kumuthandiza. Anaswera pa maikulosikopu masiku awiri osapeza katsamba ndi kamodzi komwe. Lachisanu sanabwere, akuti mutu.

Dzina langa lilowa pa pepala, Amayi. A Pulofesa alembera kale amene anasindikiza kuti akonze, ndipo likhala pamwamba, osati kumapeto. Koma malo aja apita. Akuti zimene zinasainidwa mu Febuluwale zili m'manja mwa akuluakulu ena, ndipo nkhani yake itenga nthawi, mwina sizisintha n'komwe. Anandiuza poyera kuti, “Ukanabwera ndi ichi sabata zisanu ndi imodzi zapitazo.” Sindinawauze kumene chinachedwera. Andiwonjezera ntchito chaka chimodzi, ndipo chitupa asaina okha. Za chaka chamawa sanalonjeze, inenso sindikufunanso malonjezo.

Gerald timakumana pakhonde. Sindimutchulanso achimwene, iyenso sanditchula kanthu. Ndikudziwa kuti kumeneko mawu ayamba kale kuyenda, kuti mwana wa a Kalinde ndi wosayamika. Pepani kuti muziwamva ndinu pachitsime ndi kutchalitchi, pamene ine ndili kutali.

Buku lantchito tsopano ndimalemba ndekha. Chingerezi chake n'chokhota ngati mmene munadulira thumba, koma chikuwerengeka. Lachisanu ndimalankhula ndekha. Mawu amanjenjemerabe.

Ababa muwapatse moni. Muwauze kuti thumba lawo ndidzabweza latsopano, ndipo mankhwala a bondo sindisiya kutumiza. Kalata yokha ndiye sindinathe. Ndinayamba kawiri, ndikafika pa moni cholembera chimaima.

Dzulo ndamaliza nambala 31. Ndatumiza chithunzi chake pafoni ya Loveness, akukulitsireni pangodya yapansi, kumanja. Phazi la nkhuku simulipeza. Pali timizere tinayi topingasa, kachitatu kotalika kuposa tinzake, monga munasokera m'mphepete muja.

Ine mwana wanu,
Zelifa Kalinde